Gulu la banja: za mafupa a Atate

Achimwene Chelstone: Odi nonse. Tangotuluka ku chipatala cha UTH ndi Atate. Kuyabwa kuja, ndi kuphwanya kwa m'chiuno mpaka kulephera kudzuka pampando, si sopo ayi, si ukalambanso. Adokotala akuti vuto lili pakhosi.

Azakhali Matero: Pakhosi bwanjinso? Si impso zomwe zinafooka?

Mlamu Nesi: Azakhali, zonse nzolumikizana. Kuseri kwa chithokomiro kuli tinthu tinayi, kalikonse ngati njere ya mpunga, timene amati parathyroid. Impso zikatopa, phosphate, mchere wina wochokera m'zakudya, imadzadza m'magazi, komanso sizithanso kukonza vitamini D yothandiza thupi kutenga calcium m'chakudya. Calcium ikatsika, tinthu tija timatulutsa homoni yake yotchedwa PTH yochuluka, ndipo iyo imakatapa calcium m'mafupa. Zili ngati chiswe mumzati, kunja uli bwino koma m'kati wadyeka.

Achimwene Chelstone: PTH yawo yakwera kutali. Ya munthu wabwinobwino akuti siipitirira 65.

Chitsirizira: Kodi dialysis, kutsuka magazi ndi makina kuja, siichotsa zimenezo?

Mlamu Nesi: Imachotsako phosphate koma siikwanitsa yonse. Nchifukwa chake anawapatsa calcium carbonate. Amamwa nthawi yanji?

Chitsirizira: Usiku pogona. Botolo amaliika pansi pa pilo pamodzi ndi tochi 🙈

Mlamu Nesi: Mayo ine! Ameneyo ngwakumwa pakudya, nsima ili m'manja, kuti agwire phosphate m'matumbo isanalowe m'magazi. Pogona agwira chiyani? Alfacalcidol, wa vitamini D uja, ndi wina, musasakanize mabotolo.

Azakhali Matero: Nanga kapenta wa ku Siavonga ndinabweretsa uja?

Mlamu Nesi: Pepani Azakhali, kapenta timadya ndi minga yomwe, phosphate ndi yambiri mmenemo. Zotendera, mkaka ndi nyemba achepetse. Polony ndi zakumwa zakuda za cola asiyiretu.

Azakhali Matero: Mlongo wanga adye chiyani tsopano, mphepo? Munthu anakulira nsinjiro ku Katete.

Amalume Chawama: Mlamu wanga ameneyo mukamuuza "musadye" ndiye mwamutuma. Osakangana naye. Zichotseni m'nyumba basi, asamazione.

Achimwene Chelstone: Zoona Amalume. Wa zakudya kuchipatala watipatsa pepala, ndilijambula madzulo. Magazi ayezanso pakatha miyezi 3. Zikapanda kutsika alankhula za cinacalcet, mankhwala otsitsa PTH, kapena opareshoni yochotsa tinthu tija.

Azakhali Matero: Mpeni pakhosi ayi ana inu.

Mlamu Nesi: Sitinafike kumeneko. Chofunika pano ndi munthu wokhala nawo pa nkhomaliro ndi mgonero.

Chitsirizira: Mgonero ndi ine. Masana ndimakhala ku ntchito.

Azakhali Matero: Masana ndizibwera ine, kupatula Lachinayi la chigwirizano cha amayi.

Amalume Chawama: Lachinayi ndituma mdzukulu. Za mayendedwe tisonkhe K300 aliyense pofika pa 5, Airtel Money kwa wamkuluyo. Inu a ku Kitwe mukungowerenga, tikukuonani.

Alongo Kitwe: Ndilipo Amalume 😅 nditumiza ndikalandira. Kapenta uja musataye, mundisungire.