Ulendo wa awiri wopita ku Asia: kodi mapaki a Disney ndi mizinda ikuluikulu zingatheke pa masabata awiri?

Bambo a ku Chilomoni analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa abale amene anafikapo ku maiko a kum'mawa kwa Asia. Ine ndi mayi akunyumba takhala tikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti chaka chamawa, pokumbukira tsiku la ukwati wathu, tidzayende ulendo wa awiriwiri, ana titawasiya kwa agogo awo. Tchuthi chimene tonse tingapatsidwe kuntchito nthawi imodzi ndi cha masabata awiri okha.

Mayi amalakalaka kuona mapaki a zisangalalo, makamaka a Disney, pamene ine mtima wanga uli pa mizinda yeniyeniyo: misika, sitima zake, zakudya ndi nyumba zosanja. Tinalemba malo amene tikuwafuna, ndipo ndi Tokyo, Osaka, Shanghai, Hong Kong ndi Singapore. Kodi zonsezi zingatheke pa nthawi imeneyi, kunyamukira pa Chileka? Nanga pasipoti ya Malawi imafuna viza kuti ndi kuti, ndipo ndi mwezi uti umene uli wabwino? Nditchulenso kuti mayi sakonda makatungwe othamanga kwambiri aja otchedwa roller coaster chifukwa amachita nawo chizungulire, choncho sitikufuna kulipira ndalama zambiri pa paki imene iwo azikangokhala pa benchi n'kumandisungira chikwama.

Mayi a ku Namiwawa anayankha kuti:

Bambo, ndakhala ndikupita ku Singapore ndi ku Malaysia pa zantchito, ndipo ndikuuzani mosabisa kuti mndandanda wanuwo ndi wautali kwambiri. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pa masiku 14 muchotsepo awiri opita ndi awiri obwerera, chifukwa kuchokera ku Blantyre palibe ndege yolunjika ku Asia. Muyenera kusinthira ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, kapena ku Johannesburg kumene mungakwere Singapore Airlines yopita ku Singapore kapena Cathay Pacific yopita ku Hong Kong. Ndege ya Johannesburg mpaka Singapore yokha imatenga maola oposa 10. Mukafika mupezanso kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya kuno, ku Japan ndi maola 7, moti tsiku loyamba thupi limafuna tulo masana dzuwa lili pamutu. Akutsalirani masiku 10 kapena 9, ndipo mukawagawa pa mizinda isanu ya m'maiko otalikirana, mudzaona mabwalo a ndege kuposa china chilichonse.

Langizo langa n'lakuti musankhe malo potengera pasipoti imene muli nayo, osati zithunzi za pa Facebook. Wonyamula pasipoti ya Malawi amalowa ku Singapore, ku Malaysia ndi ku Hong Kong popanda viza ngati akukangocheza kwa masiku ochepa, pamene ku Japan ndi ku China, kumene kuli Shanghai, viza imafunika ndipo muyenera kuifunsira ku akazembe awo ku Lilongwe. Hong Kong ndi gawo la China koma ili ndi malamulo akeake olowera, n'chifukwa chake ilo ndi losavuta pamene Shanghai ndi yovuta. Malamulowa amasintha, choncho muwaonenso pa masamba a boma a maikowo musanagule tikiti. Ngakhale kumene viza siifunika, a zolowa ndi kutuluka amatha kufunsa tikiti yobwerera, umboni wa hotela ndi ndalama zodyera, ndipo pasipoti iyenera kukhala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito. Singapore imafunanso kuti mudzaze SG Arrival Card pa intaneti m'masiku atatu omaliza musanafike, ndipo Malaysia ili ndi fomu yake yotere. Zonse ziwiri ndi zaulere, choncho tsamba lililonse lokulipiritsani pa zimenezi si la boma.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi Singapore. Anthu amalankhula Chingerezi, sitima za MRT n'zosavuta kuzimvetsa, ndipo paki ya Universal Studios Singapore, imene inayamba kulandira anthu mu 2010 pa chilumba cha Sentosa, ndi yaing'ono moti tsiku limodzi limakwanira. Madzulo mungapite ku Gardens by the Bay kukaona magetsi a pa mitengo yachitsulo ija, chionetsero chimene sichilipiritsa. Inu amene mukufuna zakudya, musalowe m'malesitilanti a m'mahotela. Pitani m'misika ya zakudya yotchedwa hawker centre, monga Maxwell, kumene mbale ya mpunga wa nkhuku ndi yotsika mtengo ndipo ndi kumene eni dziko amadya. Chimene chimadya ndalama ku Singapore ndi malo ogona, n'chifukwa chake masiku atatu ndi okwanira.

Kuchokera kumeneko Kuala Lumpur ili pa mtunda wa ola limodzi pa ndege, kapena maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa basi, ndipo mahotela ake ndi otsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi a ku Singapore. Kuli nsanja ziwiri za Petronas, zotalika mamita 452, kuli mapanga a Batu okhala ndi masitepe 272, ndiponso paki ya Genting SkyWorlds imene inatsegulidwa mu 2022 pamwamba pa phiri, kumene kumazizira bwino ndipo mumakwerako pa ngolo zolendewera pa chingwe. Legoland ya ku Johor muisiye, chifukwa anaikonzera makamaka ana aang'ono.

Disney ya mayi muisungire kumapeto, ku Hong Kong. Paki imeneyi inatsegulidwa mu 2005 pa chilumba cha Lantau, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo poti ndi yaing'ono kuposa ya ku Tokyo ndi ya ku Shanghai, mizere yake nthawi zambiri ndi yopiririka. Zambiri za mmenemo ndi maboti oyenda pang'onopang'ono, zisudzo za pa nsanja, zionetsero za mumsewu ndi magetsi a usiku pa nyumba yachifumu ija, choncho munthu wochita chizungulire sasowa chochita. Muonetsetse kalendala yawo, chifukwa pa nyengo zina amatseka tsiku lina mkati mwa sabata. Tsiku lotsatira likhale lanu bambo: mukwere Star Ferry kuwoloka doko, kenako sitima yokwera phiri ya Peak Tram, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1888, kukaona mzinda wonse muli pamwamba.

Bambo a ku Limbe anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi mayi a ku Namiwawa, koma pali nkhani imene ingagwetse ulendo wonse isanafike ya viza, ndipo ndi ya ndalama zakunja. Ife amene timapita kukaoda katundu tikudziwa kuti kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yolembedwa m'makwacha siyodalirika pa ulendo wa chaka chamawa. Werengerani zonse m'madola. Pitani ku banki yanu miyezi ingapo ulendo usanafike mukafunse kuti khadi lanu limaloledwa kugwiritsa ntchito ndalama zingati kunja pa mwezi, chifukwa matikiti a mapaki ndi mahotela amalipiridwa pa intaneti, ndipo malire a khadi akhoza kukukakamizani kugula zinthuzo pang'onopang'ono m'malo mogula tsiku limodzi. Pogula madola a m'manja amafuna pasipoti ndi tikiti ya ndege, ndipo musayembekezere kuwapeza onse sabata yomaliza. Mayi akhale ndi khadi lawo, inu lanu, ndipo ndalama za m'manja muzigawane.

Chachiwiri ndi katemera wa yellow fever. Malawi sali m'gulu la maiko a matendawa, koma Ethiopia ndi Kenya alimo, ndipo Singapore ndi Malaysia amafuna kadi yachikasu ija kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pa bwalo la ndege la dziko lotero. Ndege ikachedwa ku Addis Ababa maolawo amakwana mosayembekezera, choncho bayitsani, ndipo muchite zimenezi kukadali masiku osachepera 10 kuti munyamuke, chifukwa kadiyo siyamba kugwira ntchito nthawi yomweyo.

Pa za mwezi, pewani Chaka Chatsopano cha ku China, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, ndiponso sabata yoyamba ya Okutobala, chifukwa alendo ochokera ku China amadzaza Hong Kong ndipo mahotela amakwera mtengo. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala ndi nyengo ya anamondwe ku Hong Kong, ndipo akaopseza kwambiri mapaki amatsekedwa. Novembala ndi mwezi wabwino kumeneko. Ku Singapore ndi ku Kuala Lumpur kulibe mwezi wozizira; kutentha kwake kuli ngati kwa ku Nchalo, kungoti n'kwachinyezi, ndipo mvula yamabingu imakonda kugwa masana, choncho lowani m'paki m'mawa pamene akutsegula.

Chomaliza, musanyamulire munthu aliyense phukusi, ngakhale wa kutchalitchi kwanu. Ku Singapore mlandu wozembetsa mankhwala ozunguza bongo, kuphatikizapo chamba chochuluka, chilango chake chimafika pa imfa.

Mayi a ku Sunnyside anayankha kuti:

Ine ndikusiyana pang'ono ndi anzanga awiriwa. Ndinakhalako ku Japan pa maphunziro, ndipo ndikuona kuti ngati cholinga chenicheni cha mayi ndi Disney, kuwapititsa ku Hong Kong chifukwa choopa ulendo wa ku Lilongwe n'kuwamana chinthu chabwino pa chifukwa chochepa. Viza ya ku Japan imafuna khama, inde: ndondomeko ya ulendo tsiku ndi tsiku, sitetimenti ya ku banki, kalata ya kuntchito ndi umboni wa malo ogona. Koma anthu awiri amene ali pa ntchito, ali ndi ana kuno ndipo mapepala awo ndi olongosoka, alibe chifukwa choopera kufunsira.

Ubwino wa Japan ndi wakuti zimene nonse awiri mukufuna zili m'dziko limodzi, ndipo simukweranso ndege ina pakati. Tokyo Disneyland inatsegulidwa mu 1983 ndipo inali paki yoyamba ya Disney kunja kwa America. Pafupi nayo pali Tokyo DisneySea, ya mu 2001, imene palibe ina yofanana nayo dziko lonse, ndipo kwa banja la akuluakulu imeneyi ndi imene ndingalimbikitse. Anaimanga ngati madoko a m'maiko osiyanasiyana, muli ngalande ndi maboti opalasa, ndipo munthu akhoza kutha tsiku lonse akungoyenda, kudya ndi kuonerera osakwera chilichonse choopsa. Mu Juni 2024 anawonjezera gawo latsopano la Fantasy Springs. Mapaki onse awiri ali ku Urayasu, mphindi 15 pa sitima kuchokera pa Tokyo Station kukatsikira pa Maihama. Mtengo wa tikiti umasintha malinga ndi tsiku, ndipo Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi ndi okwera.

Kuchokera ku Tokyo kupita ku Osaka sitima ya Shinkansen imatenga maola awiri ndi theka pa mtunda woposa makilomita 500, ndipo kwa bambo okonda sitima ulendo umenewo pawokha ndi chisangalalo. Musathamangire kugula Japan Rail Pass, tikiti ya alendo yokwerera sitima kangapo konse pa masiku otchulidwa. Mu Okutobala 2023 ya masiku 7 inakwera mtengo kufika pa mayeni 50,000, ndalama zoposa zimene mungalipire popita ndi kubwerera pakati pa mizinda iwiriyi. Universal Studios Japan ya ku Osaka ine ndikanaisiya, chifukwa zotchuka zake zambiri ndi zothamanga kapena zogwedeza munthu patsogolo pa kanema, zomwe zimabweretsa chizungulire chimene mayi akuthawa. Tsiku limenelo mulipereke ku Kyoto, imene ili pafupifupi theka la ola kuchokera ku Osaka.

Zovuta zake ndisabise. Mizere ya ku Disney ya ku Tokyo imatha kupitirira maola awiri pa chinthu chimodzi, ndipo kuti muidumphe mumalipira padera kudzera pa pulogalamu yawo ya pafoni, choncho mufunika intaneti tsiku lonse. Zisudzo zambiri zimakhala m'Chijapanizi. Zipinda za mahotela n'zazing'ono kwambiri. Mapulagi awo ndi a mano awiri ndipo magetsi ndi a mavoti 100, pamene ku Singapore, Malaysia ndi Hong Kong ndi a mano atatu ngati athu. Pewani Golden Week, sabata ya tchuthi cha dziko lonse, kuyambira pa 29 Epulo mpaka pa 5 Meyi, ndiponso mvula ya mu Juni. Pakati pa Meyi kapena mu Novembala ndi nthawi yabwino.

Bambo a ku Chilomoni analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Tawerenga limodzi ndi mayi, ndipo Shanghai ndi Universal ya ku Osaka tazichotsa. Mayi akopeka ndi DisneySea, pamene ine nkhani ya madola yandichititsa kuyang'ana ku Malaysia. Kodi sizingatheke kuphatikiza Tokyo ndi Singapore zokha?

Mayi a ku Namiwawa anayankha kuti:

N'zotheka bambo, koma pakati pa Singapore ndi Tokyo pali maola pafupifupi 7 a pa ndege, ndipo mwasankha mizinda iwiri imene malo ogona ndi odula, n'kusiya Kuala Lumpur imene ikanapepukitsa bajeti. Ngati mayi atsimikiza za DisneySea, chitani Japan yokha monga anenera mayi a ku Sunnyside. Yambani ndi kufunsa ku ofesi ya kazembe wa Japan mapepala amene akufuna ndi nthawi imene amalandira mafomu, sungitsani mahotela olola kubweza ndalama mukasintha maganizo, ndipo matikiti a paki, amene amakhala a tsiku lotchulidwa, muwagule viza ikatuluka.