Mawu akuti congenital tiziwanena bwanji kuti makolo asamve ngati ndi matenda akumtundu?

Anzanga azachipatala ndi omasulira, ndithandizeniko. Mawu akuti congenital anachokera ku Chilatini, congenitus: con- ndiye "pamodzi ndi", genitus ndiye "wobadwa". Amangonena za nthawi basi, kuti vutolo linalipo kale mwana pobadwa. Chomwe chinaliyambitsa satchula ayi.

Tikati "matenda obadwa nawo", makolo ambiri amamva akumtundu, amene m'mabuku amati hereditary, ndiye akuchimuna ndi akuchikazi amayamba kulozana zala. Chonsecho mwana wobadwa ndi chindoko anachitenga kwa mayi ake ali m'mimba, ndipo chimapeweka mayiyo akabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin kutatsala masiku 30 kapena kuposa kuti abereke. Spina bifida nayo imayambika pomwe msana walephera kutsekeka m'masiku 28 oyambirira a pakati, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, n'chifukwa chake timati vitamini wa folic acid, mamaikulogiramu 400 patsiku, ayambe kumwa asanatenge pakati. Matenda a Huntington, amene amagwira ubongo, ndi akumtundu ndithu, koma zizindikiro zimadzaoneka munthu ali ndi zaka 30 mpaka 50.

Inu muwodi mumati chiyani kuti ziwirizi zisiyane? "Anayamba mwana ali m'mimba" ndikuona kuti akumveka bwino, kungoti ndi ataliatali pa kapepala kophunzitsira.

Nanga chinzonono cha m'maso chimene khanda latenga podutsa njira yobadwira, tichiwerengere kuti congenital, kapena mawuwa amalekezera pa zimene zachitika m'chiberekero?