Kodi "usinda" wa m'mwambi wa njuchi uja n'chiyani?

Kamtedza: Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo tinaunjikana anthu ambirimbiri pa ntchito imodzi, aliyense akulamula, ntchito osatha. Azakhali anga n'kunena kuti "njuchi zikachuluka zilibe usinda." Ine n'kuvomera kuti eya, zilibe uchi. Anandidula pomwepo kuti iwo sanatchule uchi, koma nditawafunsa kusiyana kwake anangoseka. Ndiye usindawu n'chiyani?

Make Mapasa: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi, mzimu wawo uuse mumtendere. Malesa akabwera ankawaloza ndi chala: ili la uchi, ili la ana, ili la usinda. La usindalo linkakhala ndi zinthu zachikasu, zina zofiirira, zotsenderedwa m'timabowo, zowawasira pang'ono. Ife ana tinkangolavula, iwo n'kumatiseka kuti sitidziwa zabwino.

Mphunzitsi Wopuma: Musavutike mwanangu. Usinda ndi uchi, anthu akale ankangoutchula mwaluso. Mwambiwu ukuti anthu akachuluka pa ntchito phindu silioneka. Basi.

Wofula Uchi: Aphunzitsi, pepani, koma mayiwa anena zoona. Ine ndimaweta njuchi. Zachikasuzo ndi mungu wa maluwa. Njuchi imaunyamula pamiyendo yakumbuyo, mukaima pakhomo la mng'oma m'mawa mudzaona timibulu tiwiri tikulendewera. Ikalowa imaugwetsera m'kabowo pafupi ndi ana, zinzake n'kuutsendera ndi mitu posakaniza ndi timadzi totsekemera. Chimenecho ndicho chakudya cholerera ana. Uchi njira yake ndi ina: timadzi ta m'maluwa timaumitsidwa ndi mphepo ya mapiko mpaka madzi atatsika pansi pa 20 pa 100 alionse, kenako n'kumata ndi phula.

Mphunzitsi Wopuma: Zamiyendozo sindikutsutsa. Koma ndani angadandaule kuti mng'oma ulibe mungu? Munthu amapita kukafula chifukwa cha uchi. Mwambi umanena chimene anthu amachifuna.

Wofula Uchi: Ndiye ngati ndi uchi, mwambiwo ukunamizira njuchi. Mng'oma wamphamvu, wa njuchi 40,000 kapena 60,000, ndi umene umadzaza malesa. Wa njuchi zochepa zonse zimatanganidwa ndi kufunditsa ana, zopita ku maluwa zimasowa. Ndipo mumng'oma mulibe kulimbirana ntchito ngati ife anthu. Njuchi yantchito imatenga masiku 21 kuchoka pa dzira. Ikangotuluka imayamba ndi kuyeretsa timabowo, kenako kudyetsa ana, kenako kumanga malesa ndi phula lotuluka kumimba kwake, kenako kulonda pakhomo. Kunja imapita itakula, ndipo nthawi ya maluwa imafa patangotha milungu pafupifupi 6. Koma mukanena kuti usinda ndi mungu, mwambi ukulunjika: mfumukazi ikamaikira mazira oposa 1,500 patsiku, ana amadya mungu wonse ukangofika, wosunga osaoneka.

Make Mapasa: Agogo ankaunena mwambiwu tikadzaza pakhomo zidzukulu nthawi ya tchuthi. Ine ndinkamva kuti akunena za pakamwa pochuluka, osati za manja ochuluka. Azakhali anuwo a Kamtedza mwina anaubwereka.

Malume Ake: Inu nonse mwaiwala kusamuka. Zikathinana m'phanga, mfumukazi yakale imatuluka ndi pafupifupi theka la gulu, ndipo zisananyamuke zimayamba zamwa uchi kudzaza mimba. Wobwera kudzafula pambuyo pake amapeza malesa opepuka. Zija mumaziona zitalendewera panthambi ngati mtolo n'zimenezo, zikudikira anzawo amene apita kukafuna malo. Obwerawo amavina pamwamba pa gululo kulozera kumene apeza. Kuvinaku anakufotokoza katswiri wa sayansi Karl von Frisch, analandira nako mphoto ya Nobel mu 1973, koma kuti zikachuluka zimathawa ndi chuma agogo athu ankadziwa kale.

Mphunzitsi Wopuma: Mwaonatu! Zimamwa chiyani zisananyamuke? Uchi. Ndinanena ine.

Wofula Uchi: Aphunzitsi inu simugonja. Nanga zazimuna? Sizipita ku maluwa, zilibe ngakhale mbola, zimangodya, ndipo chakudya chikachepa zantchito zimazikankhira kunja. Mwina akale ankaona zimenezo zitachuluka.

Mphunzitsi Wopuma: Zimadya uchi.

Make Mapasa: Kaya. Chondiwawa ine n'chakuti tikukangana tokhatokha akuluakulu. Mwana wanga ndinamuuza kuti "safunsa anadya phula," iye n'kundifunsa ngati munthuyo anadya msewu. Phula akulidziwa ndi la pamsewu lokha!

Malume Ake: Ana a masiku ano mawu atatu Chichewa, anayi Chingerezi. Ukawaponyera mwambi amati lankhulani zomveka. Lesa sanalionepo, amayesa uchi umabadwira m'botolo.

Kadzidzi: Komatu musatinyoze kwambiri, makolo. Tikafunsa mumaseka ngati azakhali a mnzathuyu, tikapanda kufunsa mukuti tinadya phula. Ndipo apa nokha mwatipatsa matanthauzo atatu.

Mphunzitsi Wopuma: Tanthauzo ndi limodzi, mwanawe. Enawa akungokonda njuchi zawo.

Wofula Uchi: Bwerani tsiku lina m'mawa mudzaime pakhomo la mng'oma, aphunzitsi. Chovala chodzitetezera ndikubwerekani, koma musadzole mafuta onunkhira.