Penti kapena mjigo? Zokambirana za gulu lathu la kwa Chulu

Mlembi: Akuluakulu, pempho lija lafika. Anyamata ojambula a pa boma agwirizana ndi ophunzira awiri a ku Bunda. A ku Bundawo ayenda m'minda kuwerenga zitsa zomwe zikuphukira, ojambula ajambule mitengoyo pakhoma la sukulu ndi mayina ake, kenako a zisudzo achite sewero tsiku la msika. Akupempha ya penti ndi thiransipoti.

Msungichuma: Mjigo wa pasukulu pomwepo unafa kalekale. Tigule penti ana akumwa a m'dambo?

Mayi a ku Area 25: Zoona achimwene, mjigo uyambe. Koma musaiwale mbande zija bungwe lina linatitula mvula itatsala pang'ono kusiya. Tinajambulitsa, tinaomba m'manja, mbuzi zinamaliza ntchito. Apa sakubweretsa mbande, akuti tisamale zomera zokha. Chitsa cha msuku chili ndi mizu kale, chimangofuna kuchipatulira n'kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu.

Mphunzitsi wopuma: Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, pepala la alangizi limathera popichira fodya. Nyimbo ya pamtondo ndiye siifa. Funsani mwana wa Sitandade 6 lero kuti msangu ndi uti, aloza bulugamu. Chonsecho msangu umayoyola masamba dzinja, chimanga pansi pake n'kumapeza dzuwa ndi manyowa, malimwe n'kuphukanso ziweto zikusowa mthunzi. Agogo athu ankadziwa zimenezi popanda digiri. Ndiye a ku Bundawo abwere ndi makutu, osati pakamwa pokha.

Wa ku Joni: Ajambule mitengo basi. Ndamva kuti akufunanso njovu pakhomapo. Chibwerere njovu 263 ku paki ya Kasungu kuchokera ku Liwonde mu 2022, amalume anga amagona m'munda ndi tochi ndi chigubu choomba. Mwana wawo azikaona njovu yomwetulira kusukulu?

Mlembi: Bambo, ojambulawo akuti zojambula asankha ndi anthu akumudzi.

Wa ku Joni: Anthu ake ati? Omwe amalandira alawansi?

Mayi a ku Area 25: Hahaha mwayamba. Koma njovuyo aijambule ili m'munda, chimanga chili bwalabwala, a paki aione. Nanga ndi bodza?

Mphunzitsi wopuma: Ndipo seweroli lisaope fodya. Mitengo ya zigafa ndi nkhuni za m'mabalani zimachokera kuti? Tonse muno fizi yathu inachokera ku okushoni, ine ndemwe.

Msungichuma: Chabwino. Mjigo tipeze kaye mmisiri atiuze mtengo. Zotsala, penti. Thiransipoti akwere kabaza.

Wapampando: Zamveka. A Mlembi, kaoneni kaye a Gulupu musanawayankhe anyamatawo, tisamve kuti alendo akuyeza minda ya anthu mfumu isakudziwa. Tivota Loweruka. Amene simunapereke ya mwezi uno, dzina lanu ndili nalo.

Wa ku Joni: Ndatumiza pa Mpamba, onani.