Loko wa pisitolo: kugula kapena kungotaya ndalama?

Nkhwazi: Abale, funso langa ndi la munthu amene ali ndi chilolezo cha pisitolo kuno ku America, akuisunga kuti adzitetezere, koma m'nyumba muli ana. Agule loko wa pa trigger (kachitsulo kamene mumakoka ndi chala powombera), wa waya, kapena kabokosi kachitsulo?

Kambuku: Wa waya sagula n'komwe, achemwali. Lamulo la 2005 limakakamiza ogulitsa mfuti ovomerezeka kupereka chokhomera pogulitsa pisitolo, ndipo a Project ChildSafe, pulogalamu yolimbikitsa kusunga mfuti mosamala, amagawa maloko amenewa ulele kudzera kupolisi. Kayikidwe kake nkotere: muyambe mwachotsa magazini (chosungira zipolopolo), kenako kokerani slide (chigawo cha pamwamba chotsetsereka) kumbuyo ikhale yotsegula, suzumirani mu chamber (momwe chipolopolo chimakhala chisanawombedwe) ndi kupisamo chala. Mukatsimikiza kuti mulibe kanthu, lowetsani waya pabowo lotulukira makoko a zipolopolo, atulukire kunsi kolowera magazini, mukhome. Mfuti yotero siingatseke, choncho siingalire. Mukayamba ndi slide magazini ili momwemo, mumachotsa chipolopolo chimodzi n'kulowetsa china. Ngozi zambiri zimayambira pamenepo.

Mphamba: Zoona achimwene, koma funso lati kudziteteza. Tawerengani ntchito yake usiku mumdima: kupeza kiyi, kumulasa pabowo manja akunjenjemera, kusolola waya, kulowetsa magazini, kukoka slide. Ndiye kiyiyo agona kuti? Akakhala pafupi mwana amupeza, akakhala kutali inuyo simumufikira. Nkhani imeneyi inafika mpaka ku Supreme Court, khoti lalikulu la America, mu 2008, pa mlandu wa Heller, pomwe khoti linathetsa lamulo la Washington DC loti mfuti ya m'nyumba izikhala yophwasula kapena yokhoma pa trigger nthawi zonse.

Nankapakapa: Wa pa trigger yekhayo ndiye ndikukaniza ndithu. Ali ndi zibenthu ziwiri ndi kamtengo kachitsulo kodutsa mkati mwa chotchingira trigger. Pa pisitolo ngati Glock, trigger imangofuna mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.5. Mukamamanga kapena kumasula lokoyo chipolopolo chili mu chamber, kamtengoko kakhoza kukankha trigger. Akakhala wokhwepa, kungogwedeza kumakwanira. Komanso saletsa munthu kulowetsa magazini ndi kukoka slide. Opanga eni ake amalemba kuti asayikidwe pa mfuti yokhala ndi zipolopolo, ndiye phindu lake loposa waya waulele uja lili pati?

Kambuku: Pamenepo tagwirizana mayi. Koma waya musamunyoze. Ntchito yake ndi kutchinga mwana wamng'ono ndi mlendo wachidwi, komanso poyenda ndi mfuti m'chikwama. Wakuba yekha samuletsa, amanyamula zonse n'kukadula wayayo kwawo.

Mphamba: N'chifukwa chake ndalama ipite pa kabokosi kotseguka msanga. Pisitolo ikhale mu holster (kachikwama ka mfuti) yophimba trigger, mkati mwa bokosi, bokosilo lomangidwa ndi mabawuti pakhoma, pansi kapena pa thabwa lolimba la bedi. Losamanga ndi chikwama chabe, munthu angolinyamula. Ine ndimakonda la loko wa mabatani asanu wa mtundu wa Simplex: lilibe batire, mumalitsegula pongokhudza osayang'ana, ndipo mabatani awiri mukhoza kuwadina limodzi. Nambala yochokera kufakitale isinthidwe tsiku lomwelo.

Nkhwazi: Nanga aja otsegula ndi chidindo cha chala?

Nankapakapa: Amafulumira chala chikakhala chouma ndi choyera. Thukuta, mafuta odzola, bala, ngakhale kuika chala mopendekera, amakana. Jambulitsani chala chimodzi kangapo mosinthasintha kaikidwe, ndi cha dzanja lina. Choopsa kwambiri ndi ichi: mu 2023 bungwe la CPSC, la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, linalengeza kubwezedwa kwa mabokosi ena oterewa chifukwa eni ake ankaganiza kuti ajambulitsa chala, pomwe bokosi linali likadatsegukira chala cha aliyense. Mukamaliza kukonza, bokosi lili lopanda kanthu, muuze munthu wina ayese chake. Batire muzisintha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse osadikira kuti life, ndipo kiyi wapadera asagone m'dirowa ya pambali pa bedi.

Kambuku: Simplex nayo ili ndi pofooka, achimwene Mphamba. Manambala otheka amangopitirira 1,000 pang'ono. Mwana wa zaka zinayi sangathe, koma mnyamata wa zaka 14 wosiyidwa yekha masana onse akhoza kuyesa mmodzimmodzi mpaka litseguke. M'nyumba mukakhala wachinyamata, kapena wina amene akuvutika maganizo, mfuti ichotsedwe zipolopolo, ilowe mu safe yaikulu, zipolopolo zikhomeredwe kwina. Kuchedwa kutsegula pamenepo ndiye kofunikako.

Chiwombankhanga: Ndilowererepo za kuno ku Joni. Pansi pa Firearms Control Act ya 2000, loko wa waya kapena wa trigger payekha sakwanira. Mfuti ikakhala kuti siili pathupi panu, iyenera kukhala mu safe ya muyezo wa SABS 953-1 (SABS ndi bungwe loona za miyezo kuno), yomangidwa kukhoma kapena pansi. Kabokosi kogula pa intaneti kuchokera kunja muyambe mwaona ngati kakukwanira muyezowo.

Mphamba: Mwachita bwino kukumbutsa, bambo. Achemwali Nkhwazi, chilichonse chimene munthuyo agule, ayesere kutsegula magetsi atazimitsa, mfuti ilibe chipolopolo, kamodzi pa mwezi. Aikemonso kathumba ka silica gel (timibulu toyamwa chinyontho), poti siponji ya m'mabokosi imasunga chinyontho ndipo slide imachita dzimbiri.

Nkhwazi: Zikomo nonse. Bokosi la mabatani lokhala pambali pa bedi, limangidwe pa thabwa kapena pakhoma?

Mphamba: Pakhoma, pamene pali mtengo wa mkati mwa khomalo, osati pa bolodi lokhalokha. Chitseko chiyang'ane kumene dzanja limafika muli chikhalire pabedi.