Magulu awiri, damu limodzi: tilembe chiwerengero chiti?

Mwale: Akuluakulu, tithandizane kalembera wa mbalame za m'madzi wa Januwale asanafike. Pa damu la Lifupa, m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, gulu la tsidya lino likapeza zipweyo 300, la tsidya lija 250, pa fomu tilembe 550 kapena ndi abakha omwewo?

NaBanda: A Mwale, musaphatikize musanafananitse nthawi. Zipweyo sizichedwa kudzidzimuka: inu mukaziwutsa zimakatera kwa anzanu, iwo n'kuziwerenganso. Gawanani damu musanayambe, malire akhale chinthu chooneka, kaya mtengo wouma kaya khoma la damu. Mawotchi afanane, muyambire limodzi. Zikauluka lembani nthawi, kuchuluka ndi kumene zalowera, mwachitsanzo "6:40, 80, kuvuma". Zonyamuka kwa inu 6:40 n'kutera kwa anzanu 6:42 ndi zomwezo, ziwerengedwe kamodzi.

Phiri: Ndiwonjezepo. Zikachuluka musawerenge imodziimodzi, zidzauluka musanafike pakati. Werengani khumi bwinobwino, muone malo amene khumizo zatenga m'bainokyula, ndiye muziyenda ndi muyeso umenewo: 10, 20, 30. Zikakhala mazana ambiri, muyeso ukhale 50. Bwerezani kawiri. Wowerenga asachotse maso, wolemba akhale wina. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo mulawire. Kukatentha mpweya wa pamwamba pa madzi umavinavina, tsekwe wakutali ndi chitsa osasiyanitsa.

Mwale: Nanga akakowa? Mmawa amaoneka ochepa kwambiri.

Phiri: Masana amakhala atamwazikana kutsata njati kapena ng'ombe. Awerengeni madzulo akamabwera kudzagona: khalani pamalo ola limodzi dzuwa lisanalowe, muziwerenga gulu lililonse lisanatere mumtengo. Chiwerengerocho chikhale padera, musasakanize ndi cha mmawa.

NaBanda: Chinanso chimene chimaononga mafomu ndi 0. Mbali imene simunafike chifukwa cha matope musalembe 0, lembani kuti simunafike. 0 ndiye kuti munayang'ana koma mulibe. Kalembera ameneyu, amene amachitika m'maiko ambiri, anayamba mu 1967, ndipo a bungwe loona za madambo la Wetlands International amafananitsa ziwerengero chaka ndi chaka, ndiye 0 wabodza amaoneka ngati mbalame zatha. Muziima malo omwewo chaka chilichonse. Januwale zikachepa musadabwe: madambo onse adzaza, mbalame zamwazikana, udzu watalika. Julayi ndi pomwe zimaunjikana pa madzi otsala.

Phiri: Ndipo ku Lifupa musatsike galimoto popanda renja. Mmamawa mvuu zina zimakhala zisanabwerere m'madzi, musaime pa njira yake.