Bilu ya alamu anga atadwala heart attack ku Joni: ndalama zonsezi zikulowa pati?

Membala wobisa dzina:
A admin ndibiseni dzina. Abale a ku Joni kuno, ndigawireni nzeru. Alamu anga, achimwene awo a bambo a kunyumba, anagwa ali pa ntchito mwezi wathawu, pachifuwa patawathina, thukuta lili kamukamu. Ambulansi inawathamangitsira ku chipatala cha pulaiveti chapafupi. Anapezeka kuti mtsempha wa mtima watsekeka, anawaika ma stent awiri (timachubu totsegula mtsempha), n'kugona ku ICU kenako ku wodi. Panopa ali kunyumba, tikuyamika Mulungu. Koma makalata sakutha kubwera. Bilu ya chipatala yokha yadutsa R200 000, kenako ya dokotala wa mtima, ya labu, ya ambulansi. Ali pa medical aid (inshuwalansi ya zachipatala) ya kuntchito, pulani yotsika, ndipo kwa dokotalayo yalipirako pang'ono, akuti yotsalayo ndi yathu. Chimakweza mtengo chonchi n'chiyani? Nanga tilipire, kapena pali poyambira kudandaula?

Namwino wa ku cath lab:
Pepani mayi ndi matendawo. Ndalama zambiri zimathera malo atatu. Chipinda choikira stent, chomwe timati cath lab, chimalipiritsidwa malinga ndi nthawi yomwe wodwala wakhalamo, ndipo waya, baluni, katheta ndi mankhwala oonetsa mitsempha pa X-ray, chilichonse chili ndi mzere wake pa bilu. Stent nayo ndi yodula, makamaka yokhala ndi mankhwala oletsa mtsempha kutsekekanso, ndiye iwo alowetsedwa awiri. Kenako ICU, yomwe tsiku limodzi limaposa kutali tsiku la ku wodi chifukwa namwino mmodzi amayang'anira wodwala mmodzi kapena awiri usana ndi usiku. Chomwe anthu sachiganizira ndi kuchedwa. Munthu akafika mtima utawonongeka kale, mapapo amadzaza madzi, impso zimafooka, pamafunika makina opumira kapena dialysis yosefa magazi, masiku a ICU n'kuchuluka. Ena amafunika bypass, opaleshoni yolambalala mtsempha wotsekekawo, ndiye bilu yake ya alamu anuyi imaoneka yaing'ono. Kuwathamangira msanga kuja kunapulumutsa moyo ndi thumba lomwe.

Bambo wa ku Kempton Park:
Mukanangopita nawo ku zipatala za boma, ku Bara (Baragwanath) kapena ku Charlotte Maxeke, madokotala a mtima aliko. Anthu mumakonda zapamwamba.

Membala wobisa dzina:
Achimwene, munthu akukomoka mungayambe kusankha chipatala? A ambulansi ndi omwe anaona kopita.

Mayi wogwira ntchito ya ma claim:
Musalipire kaye ngakhale randi imodzi. Lamulo la Medical Schemes Act la 1998 lili ndi zomwe amati Prescribed Minimum Benefits, mwachidule PMB, kutanthauza matenda omwe scheme (bungwe la medical aid) iliyonse iyenera kulipira, ndipo matenda adzidzidzi ngati heart attack ali m'gulu limeneli, kaya pulani ndi yotsika bwanji. Scheme imaloledwa kukusankhirani zipatala ndi madokotala ake, koma ngati munapita kwina chifukwa cha ngozi, osati mwa kufuna kwanu, iyenera kulipira yonse. Kawirikawiri vuto limakhala kodi. Onani pa bilu ya dokotalayo ngati pali kodi ya matenda (ICD-10) yoyamba ndi I21, ya heart attack. Ikalembedwa ina, kompyuta imalipira ngati matenda wamba. Akonze kodiyo, mutumizenso claim pamodzi ndi kalata ya dokotala yonena kuti inali emergency. Akakana, kadandauleni ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma scheme, kudandaulako n'kwaulere.
Za mabilu ambirimbiriwo, kuno madokotala a m'zipatala za pulaiveti salembedwa ntchito ndi chipatala, aliyense ali ndi bizinesi yake, n'chifukwa chake amatumiza yakeyake. Ndipo chichokereni 2010 pomwe khoti linathetsa mndandanda wa mitengo womwe boma linkatulutsa, palibe mtengo umodzi womanga onse. Katswiri atha kutchaja kawiri kapena katatu kuposa zomwe scheme imawerengera. Kafukufuku wa Competition Commission yemwe anatha mu 2019 anapezanso kuti Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare ndi omwe ali ndi mabedi ambiri a pulaiveti m'dziko muno, ndiye mpikisano wotsitsa mitengo ndi wochepa.

Mnyamata wa ku Rosettenville:
Onetsetsaninso kuti ndi medical aid yeniyeni. Ambirife timalipira hospital cash plan n'kumaganiza kuti tatetezedwa, chonsecho imangopereka kandalama pa tsiku lomwe wagona, za PMB sizikhudzako.

Namwino wa ku cath lab:
Ndiwonjezere. Pemphani itemised bill, bilu yoonetsa chinthu chilichonse ndi mtengo wake, muione mzere ndi mzere, zolembedwa kawiri zimapezeka. Ndipo chonde asasiye aspirin ndi clopidogrel kapena ticagrelor, mankhwala oletsa magazi kuundana, pofuna kusunga ndalama. Nthawi zambiri amamwa onse awiri kwa miyezi 12, akalekeza panjira stent imatha kutsekeka n'kubwereranso ku ICU. Alembetse mankhwalawo pa chronic benefit, gawo la medical aid lolipira mankhwala a matenda okhalitsa, matenda a mitsempha ya mtima ali pa mndandanda, ndipo ku famase afunse ma generic, mankhwala omwewo a makampani ena otsika mtengo.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ndaona khadi lawo, ndi medical scheme ndithu. Pa bilu ya chipatala pali I21, koma pa ya dokotala alemba R07.4. Mayi a ma claim, woyenera kusintha ndi ofesi ya dokotalayo kapena ndiyambire ku scheme?

Mayi wogwira ntchito ya ma claim:
Ofesi ya dokotala, R07.4 ndi kupweteka pachifuwa chabe. Imbani mawa m'mawa, muwauze aimitse kaye akauntiyo isapite kwa otolera ngongole.